Galimoto ya a Mvuu ndi Mzere wa Mbatata

Kalekale, nyama zisanayambe kuthawa galimoto, zinkagula zokha n'kumayendetsa. Khalani bwino ana inu, ndipo inu akuluakulu okonda kutsutsana za magalimoto a eni ake, musayang'ane kumbali.

Panali Sakhwi, kanyama kakang'ono ka mphuno yaitali. Iye ndi mkazi wake anali ndi munda umodzi wa mbatata ndi ana asanu oti adyetse. Minda yonse ya m'mbali mwa mtsinje a Mvuu anali ataimaliza psiti. Wa Sakhwi unkapulumuka pa chifukwa chimodzi chokha: unali kutali, ndipo a Mvuu kuyenda pansi ankadana nako.

Ndiye tsiku lina a Mvuu anagula galimoto.

Sinali galimoto wamba. Inali ya liwiro, yofiira psuu, ya mipando iwiri. Kukamwa kwake kunali kwakukulu ngati kwa mlamba, nyali zake zinali timizere totsinzina, zitseko zinkatseguka chokwera m'mwamba. Anakaiimika pa galaja ya Njiri makaniko, pansi pa mtengo wa mango, pamene akatswiri a magalimoto ankasonkhana tsiku lililonse. Akatswiriwo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi njinga, koma pakamwa pokha anali madalaivala.

Mkangano unabuka galimoto isanazizire. Ng'ona anati kukamwako n'kokongola, kungosowa mano. Kadzidzi anati nyali zotere n'zamanyazi, nyali yeniyeni imakhala yozungulira, yotong'ola. Fulu anayamikira msana wake. Nyani anati kutsogolo ikuoneka ngati ikulira, kumbuyo ngati yakwiya, ndipo amene anaijambula ayenera kuti anali atayambana ndi mkazi wake. Ena ati yokongola, ena ati yonyansa, mpaka Ng'ona ndi Kadzidzi anasiya kuyankhulana.

A Mvuu zinawapweteka, pakuti anali a thupi lalikulu koma mtima wosachedwa kubaidwa. Pofuna kusintha nkhani, anaona Sakhwi ali phee pa tayala lakale.

"Iwe Sakhwi, ndamva kuti mbatata yako yakhwima. Loweruka ndikubwera kudzakuthandiza kukumba. Masiku ano kutali kunatha."

Sakhwi ankadziwa kuthandiza kwa a Mvuu: kumasiya munda uli mbee, ngakhale kholowa wosatsala. Anaganiza za ana ake asanu aja, mantha n'kumugwira zenizeni. Koma sanalire. Anatsika pa tayala, nazungulira galimoto ija. Anazungulira, anazungulira, mphuno ili gwedegwede. Kenaka analowa pansi pake choimirira, natulukira mbali ina, napukusa mutu.

A Mvuu anafunsa chimene akupukusira mutu. Sakhwi anati palibe, bwana. Anafunsanso. Anati palibe, bwana. Kachitatu anachita kumuopseza.

"Pepani bwana, kukamwa kuli bwino, nyali zili bwino. Awa akungolongolola. Odziwa magalimoto a liwiro amayang'ana pansi. Ngati kanthu ngati ine kadutsa osawerama, imeneyo amati ndi lole."

Lole! Mawu amenewa anawalowa a Mvuu ngati munga. Akatswiri aja, poopa kuoneka osadziwa, onse anagwedeza mitu kuti n'zoona, iwonso anaona kale koma amangosunga ulemu. Pomwepo a Mvuu analamula Njiri kuti adule masipuling'i, galimoto itsike.

Njiri anadula. M'mawa mwake Sakhwi anabwera, nalowa pansi chowerama, natulukira mbali ina, napukusa mutu. Njiri anadulanso. Tsiku lotsatira Sakhwi analowa chokwawa, natulukira mbali ina, napukusa mutu. Njiri anachenjeza kuti misewu ya kuno si ya m'mabuku, koma a Mvuu anamuuza kuti ntchito yake ndi sipanala, osati maganizo. Anadulanso. Lachisanu Sakhwi analowetsa mphuno yokha, n'kukanika. Anabwerera m'mbuyo, naomba m'manja mwaulemu, nati tsopano iyi ndiye galimoto.

Madzulo aliwonse a sabata imeneyo, Sakhwi ndi mkazi wake ankatenga makasu. Sanakumbe dzenje, sanatchere msampha. Ankangokwezera mzere woyamba wa mbatata, wa pakhomo pa munda, monga amachitira mlimi aliyense.

Loweruka dzuwa lili pamutu, kunamveka vuuu! A Mvuu anali atadzipanikiza m'galimoto, mimba itatsamira chiwongolero, matumba khumi ali pa mpando winawo. Akatswiri ankathamanga pambuyo m'fumbi kuti akaone liwiro. Galimoto inasiya msewu, inalowa kanjira, vuuu, vuuu, kenaka khwee!

Mimba ya galimoto inakhala pa mzere. Matayala onse anayi anali m'malere, akungozungulira fwiii, fwiii. A Mvuu anaponda mafuta, fwiii. Anapondanso, fwiii. Anati atuluke, koma kulemera kwawo kunali kutapinda galimoto pakati, ndipo zitseko zokwera m'mwamba zija zinakana kukwera.

Mukudziwa inu kuti khungu la mvuu ndi dzuwa sizimwerana madzi. Posakhalitsa a Mvuu anayamba kutuluka thukuta lofiira ngati galimoto yawo. Anaitana Ng'ona kuti awathandize, koma Ng'ona anali kalikiliki kuuza Nyani kuti galimoto ikapendekeka chonchi ndiye kukamwako kukuoneka bwino.

"Sakhwi, mwana wa kwathu, gumula mzerewu ndisanapse."

"Ndigumula bwana. Koma munene pamaso pa onsewa kuti mbatata iyi ili ndi mwini wake."

A Mvuu ananena. Sakhwi anati Fulu samva bwino, abwereze. Anabwereza mokweza, mpaka mbalame zinauluka m'mitengo. Apo Sakhwi ndi mkazi wake anagumula mzere, Njati anakoka galimoto ndi chingwe, Njiri anatsegula chitseko ndi chitsulo, a Mvuu n'kuthamangira kumtsinje, phava!

Koma Sakhwi mtima sunakhale pansi. Lonjezo la munthu wanjala silichedwa kuiwalika, ndipo galimoto itakwezedwa ikanabweranso. Lolemba anapita ku galaja, nabisala kuseri kwa tayala lija. Anamva Njiri akufunsa ngati aike masipuling'i atsopano kuti galimoto izitha kulowa m'minda.

A Mvuu anayang'ana akatswiri onse aja akudikira yankho.

"Uikweze? Kuti kanthu ngati Sakhwi kazidutsa pansi pake choimirira? Ine sindiyendetsa lole."

Sakhwi anapita kwawo akudumphadumpha, ndipo chaka chimenecho ana ake anadya mbatata mpaka mvula inagwa. Galimoto ija inatha moyo wake pa msewu wa phula, kuchoka pa mlatho kufika pa galaja, kuchoka pa galaja kufika pa mlatho, akatswiri akukanganabe za kukamwa kwake.

Nthano yanga yakhala pa mzere pomwepa. Kaphuleni mbatata ija isanapserere. Ndipo mukadzagula chanu chokongola, anthu adzanena zambiri, koma amene akukuyamikirani kwambiriyo muyambe mwafunsa kuti munda wake uli kuti.