Khoma Lotuluka Thukuta

M'khitchini ya wopenta wina munali khoma limodzi losaona dzuwa. Nyengo yozizira ikafika, nthunzi ya m'mapoto inkakathera pamenepo, khomalo n'kumatuluka thukuta ngati munthu wa malungo. Madontho ankatsetsereka mpaka kuseri kwa kabati, ndipo m'ngodya munkamera nguwi yakuda bii, ya fungo la chovala chonyowa choiwalika m'beseni.

Pa ntchito yake mkuluyu anali katswiri, zimenezo tisam'mane. Koma ukatswiri womwewo unam'gonthetsa m'makutu. Kabowo kotulukira mpweya pamwamba pa khomalo anakamata yekha ndi simenti, ati kamalowetsa chisanu, ndipo zenera analikhomera misomali.

Mwana wake wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankalembera ntchito ya kusukulu patebulo logunda khoma lomwelo, poti m'khitchini ndimo munkafunda.

"Bambo a mwana, chifuwa cha mwanayu sichikundisangalatsa," anatero mkazi wake. "Komanso fungo ili, inu simukulimva?"

"Chimfine chabe icho. Za khoma ndisiyireni, inu yang'anani mapoto."

Anatenga bulashi n'kupaka penti wa mafuta, wonyezimira. Khoma linawala milungu itatu, kenaka mawanga akuda aja anasuzumiranso. Anapakanso.

Mlamu wake, mmisiri womanga nyumba, atabwera kudzacheza anagogoda khomalo ndi chala n'kupukusa mutu. "Alamu, khoma limafuna kupuma. Palani zonsezi, mutsuke, muboole bowo lija, liyambe lauma. Penti wanuyu akungotsekera madzi m'kati."

Wopenta anaseka chikhakhali. "Alamu, inu ndinu a njerwa. Ine ndinayamba ndakuphunzitsani kukanya matope?"

Nkhani inathera pomwepo. M'miyezi iwiri yokha khomalo linapakidwa kasanu, uku mwana akunka nawonda, akupuma molira ngati mluzu.

Tsiku lina masana, wopenta ali pamakwerero kunyumba ina kumene ankagwira ntchito, foni inalira. Mwana anali atagwa pafupi ndi tebulo lake, milomo itada, mpweya ukukana kulowa. Kuchipatala, dokotala atamuyeza anafunsa funso limodzi: "Kodi kunyumba kuli chinyontho kapena nguwi?"

Mkazi anangotembenuka n'kuyang'ana mwamuna wake, ndipo bamboyo analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Mwana anapulumuka, koma mapapo ake anali atavulala. Dokotala anati mankhwala opopera m'kamwa azikhala nawo m'thumba kulikonse, ndipo za kuthamanga ndi anzake aiwaleko kaye. Potuluka m'chipatala mkazi ananyamula mwana ulendo wa kwa mchemwali wake.

"M'nyumba ija mwana wanga sapondamonso," anatero. "Khalani ndi khoma lanulo, mulipake kachisanu ndi chimodzi."

Wopenta anabwerera yekha. Anatenga chopalira n'kuchibaya pakhoma, penti yense n'kusendeka ngati khungu la chithuza. Kuseri kwake kunali kwakuda kuyambira pansi mpaka kudenga, pulasitala atafewa moti ankanyenyeka m'manja. Kumunsi kwa tebulo anapeza kope la mwana wake, masamba atamatana ndi nguwi. Anakhala pansi n'kulira.

Kenaka anazula misomali ya pazenera, naswa simenti ija ndi hamala. Mphepo yabwino inalowa, koma inapeza m'nyumba mulibe woipuma kupatula iye.

Akuluakulu sananame pamene ankati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.