Foni M'thumba, Nyenyezi Kumwamba

Abale anga, panali mayi wina amene ankagwira ntchito kuchigwa china chakutali, kumene kunali chimbale chachikulu chachitsulo choyang'ana kumwamba. Sichinali choonera mpira ayi. Ntchito yake inali yomvetsera nyenyezi ina imene inaphulika makolo athu asanabadwe. Nyenyeziyo inafa, koma phulusa lake likufalikirabe, likukankha tinthu ting'onoting'ono mwaliwiro loopsa, ndipo tinthuto timatulutsa mafunde a wailesi. Mafundewo amafika kuno atafookeratu, ngati kunong'ona kwa wodwala. N'chifukwa chake pamalopo panali lamulo lokhwima: foni isalowe pageti, poti nayonso imatulutsa mafunde.

Tsiku lina mwana wa mayiyu anadzuka thupi likutentha, ndipo mchemwali wa mayiyu anapita naye kuchipatala. Mtima wa kholo mukuudziwa. Mayiyu anabisa foni m'thumba la diresi, nalowa nayo ili yoyatsa.

Masana makina anaonetsa mafunde amphamvu amene sanaonekepo chiyambire. Mkulu wa pamalopo anachita kudumpha ndi chimwemwe. "Zaka khumi ndi ziwiri ndikudikira zimenezi! Nyenyezi ija yalankhula. Mayi, dzina lanu lilembedwa pambali pa langa."

Mayi uja anayandikira makinawo. Atayang'ana nthawi imene mafundewo anafika, anadziwa. Inali nthawi yomwe ija foni inanjenjemera m'thumba, mchemwali wake akuimba. Akakhala chete, ulemu ndi wake, koma dziko lonse liphunzira bodza. Akaulula, ntchito itha, mwana ali pabedi. Mkulu uja anali atalemba kale kalata yolengeza pa kompyuta. Kunangotsala kudina kuti ipite.

"Bwana, dikirani kaye," anatero mayiyo. Anatulutsa foni ija naiika patebulo. "Si nyenyezi yalankhulayi. Ndi foni yanga."

Mkulu uja anafufuta kalatayo, namuuza kuti apite kunyumba akadikire chigamulo. Mayiyo ananyamuka asakudziwa ngati adzabwereranso.

Nanga inu muli pano, ndi kangati mwanena kuti "Mulungu wandiuza," chikhalirecho ndi mantha anu kapena mkwiyo wanu umene walira m'thumba? Mawu a Mulungu kawirikawiri amabwera motsitsa. Phokoso lathu ndiye lili pafupi, n'chifukwa chake limamveka kwambiri. Ine ndimamuopa munthu amene sanadzikayikirepo. Musanaimirire kulengeza za kumwamba, yambani mwadzipisa m'thumba. Kuli bwino kuchita manyazi pamaso pa anthu kusiyana n'kumuikira Mulungu mawu m'kamwa.