Belu Limodzi, Maliro Awiri

Kalekale, m'mudzi wa Chibweya munagwa mliri wa nthomba. Odwala ankawagoneka mumsasa kunja kwa mudzi, ndipo wowasamala anali Lameki, woimba belu la tchalitchi, poti iye nthomba inamugwira kale ali mwana. Belulo linali ndi lamulo lake: linkalirira mkhristu wobatizidwa yekha. Likalira, Lameki ankatchula dzina la womwalira, mpingo n'kupita kukaimba pasiwa pake. Wosaliridwa belu ankaikidwa popanda nyimbo.

Mumsasamo munagona amuna awiri. Woyamba anali Filimoni, mdzukulu wa amene anamanga tchalitchicho. Anabatizidwa asanamere mano, Lamulungu silinkamuphonya, ndipo benchi yakutsogolo inkachita kumudziwa. Sanali woipa ayi; ana amasiye ankadya pakhomo pake. Koma Lameki atati apemphere naye, iye anakana mwaulemu. "Musavutike, achimwene. Njerwa za nyumba ya Mulungu anaumba ndi agogo anga. Kumwambako banja lathu amalidziwa."

Wachiwiri anali Kandulu, chidakwa chotchuka. Madzi a ubatizo sanamukhudzepo, tchalitchi ankangochionera kunja podutsa akudzandira. Matenda atamupana, analira ngati mwana. "A Lameki, ine ndilibe chabwino chokaonetsa. Ngati Yesu amatola ndi zotayidwa zomwe, muuzeni anditole." Anapemphera mawu osalongosoka, kenaka nkhope yake inadekha. Kaya chinali chikhulupiriro, kaya mantha a imfa, mumtima mwa munthu Lameki sakanaonamo.

Onse awiri anatsirizika m'mawa umodzi. Maliro a nthomba sankagona, ndipo mpingo unali wochepa, sukanaimba pawiri. Akulu a mpingo anauza Lameki kuti nkhaniyo ndi yosavuta, atchule Filimoni basi, ndipo akayerekeza zina amulanda belu. Mkazi wa Kandulu anangokhala chapatali akuyang'ana Lameki.

Lameki anaima pansi pa belu, chingwe chili m'manja. Ankadziwa ndithu kuti Mulungu amachitira chifundo amene wamufuna, osayamba wafunsa kuti agogo ako anali yani. Koma ankadziwanso kuti iye si Mulungu. Anangomva mawu a anthu awiri ali pamphasa ya imfa.

Tsono zomwe anamva Lameki nanunso mwazimva. Chingwecho chikanakhala m'manja mwanu, mukanatchula dzina la yani?