Bangwe wa a Kamtedza ndi Maguluu Atatu

Kalekale, matabwa akadapalidwa ndi manja okha, kunali mayi wina, a Nasimango, amene amuna awo a Kamtedza anali mmisiri wa matabwa. Pomwalira, bamboyo anasiya bokosi la zida zake ndi bangwe wa mlombwa amene anasema yekha. Anasiyanso mawu: "Tsiku lovundukula chiliza changa mudzandiimbire bangweyu. Zida zanga musadzazigawe, zidzapite kwa munthu mmodzi. Sowo wopanda tchizulo ndi mwana wamasiye."

Kutatsala masiku atatu kuti avundukule chiliza, nkhuku yofuna poikira inagwetsa bangwe uja pakhoma, thabwa n'kung'ambika pakati. Kuyambira pamenepo, a Nasimango akangoti atsinzineko masana pakhonde, ankaona amuna awo ataima tsidya la dambo la nkhungu, milomo ikugwedera koma mawu osamveka. Zinkawapweteka mtima. Munthu wakhala naye zaka makumi anayi, lero azikuyankhula iwe osamva!

Anaitana amuna atatu amene malemuwo anawaphunzitsa ntchito. "Ana anga, amene amuyankhulitse bangweyu, bokosi lija ndi lake."

Sandifolo, wokhoma mipando kumsika, anabwera ndi guluu woyera wa m'botolo, akuyenda ngati wapambana kale. "Amayi, uyu akagwira, thabwa limathyokera pena, osati pamene wamata." Anapaka, n'kumanga zidutswa ziwirizo ndi mphira wa chubu cha njinga. Kutacha thabwa linali limodzi, mng'alu osaoneka n'komwe. Koma a Nasimango atakhudza mawaya, bangwe analira ngati munthu wa chimfine. Masana amenewo atatsinzina anaona amuna awo atasenderako pafupi, koma mawu osamvekabe.

Kadewere ankasungabe njira ya malemu. Anawiritsa zikopa ndi ziboda za ng'ombe mumphika, fungo lake mpaka agalu a mudzi wonse anabwera kudzaonerera, anthu n'kuthawa. "Guluu wa m'botolo amameza mawu, Amayi. Wangayu amauma gwa ngati fupa, mawu amadutsamo." Anamatula timitengo tiwiri tonyamula mawaya timene Sandifolo anamatanso ndi guluu uja, n'kutimatanso ndi guluu wake akadali wotentha. Utauma, bangwe analira mawu ake enieni aja, ndipo a Nasimango misozi inangoti mbwee. Atatsinzina, anamva amuna awo akukonza kukhosi, monga ankachitira akafuna kuyamba nyimbo.

Tsiku la chiliza kunacha ndi mvula yowaza. Tsono guluu wa zikopa ndi chinyezi samwerana madzi. Anthu asanafike n'kumanda komwe, timitengo tija tinayamba kuterera, mawaya n'kukhwefuka. Apa m'pamene Bwanali, wosema ming'oma ya njuchi, amene masiku onsewa ankangoonerera anzake, anatulutsa kachitini ka utomoni wosakaniza ndi phula. "Wangayu sangagwire ngakhale mwendo wa mpando, Amayi, koma madzi amamuopa." Anabwezera timitengo tija m'malo mwake, anasungunula utomoni uja pamakala, n'kupaka ndi nthenga paliponse pamene anzake anamata.

A Nasimango anakhala pansi pafupi ndi chiliza, bangwe ali pamiyendo, n'kuyamba kuimba, timadontho tikungotsetsereka pathabwa. Atatseka maso, anaona amuna awo akuwoloka dambo lija osanyowa mapazi. Anafika pafupi, anapolokoza nyimbo yonse mpaka kumapeto. "Zikomo, a Nasimango, ndamva," anatero, n'kutembenuka, kulowa m'nkhungu mosafulumira. Mayiyo mtima unakhala m'malo.

Koma atafika kunyumba anapeza atatu aja atakhala kale pakhonde, maso ali pabokosi.

"Popanda ine, mukanaimba zidutswa ziwiri za nkhuni," anatero Sandifolo.

"Thabwa losalankhula ndi nkhuni ndithu," anayankha Kadewere.

Bwanali anangoyang'ana kumwamba kumene mvula inali kuwazabe.

A Nasimango anatembenuzatembenuza kiyi wa bokosi lija m'manja. Inde, mutu umodzi susenza denga, koma amuna awo ananena kuti zida zisagawidwe, ndipo iwo anali atangowamva kumene mawu awo. Sakanawanyozera lero.

Nanga inu, mukanakhala a Nasimango, kiyiyo mukanamuika m'dzanja la yani: amene analumikiza thabwa, amene anabweza mawu, kapena amene anawatchinjiriza ku mvula?