Ukapitao wa Eneya

Pakhonde pa Eneya, m'mudzi wina kufupi ndi Chiringa, makina osokera ankalira kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu. Lachinayi ankakhala chete, chifukwa mwini wake ankamanga dengu panjinga n'kupalasa ulendo wa ku Nyanja ya Chilwa kukagula matemba ndi mlamba wowamba. Loweruka ankagwira khasu pamodzi ndi mkazi wake Belita m'munda wa chinangwa, nandolo ndi chimanga. Makinawo ndi njingayo anagula ndi ndalama za usilikali atangobwera kuchokera ku nkhondo mu 1946. Sanali munthu wolemera, koma pakhomopo njala inkangodutsa kumpanda, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Peggy, anali wonenepa masaya.

Komabe mtima wa Eneya sunali pamalo. Munthu amene kunkhondo anali kopolo, wolamula amuna anzake, ankaona ngati kunyozeka kuti amayi azimunenerera mtengo wa chigamba, kapena kuti malaya ake azinunkha nsomba mpaka m'tchalitchi. Choncho atamva kuti mzungu wina wolima fodya kumunsi kwa Fort Lister akufuna kapitao wodziwa kulamula, sanagone nazo kawiri. Anapita, anaimirira njo monga msilikali, ndipo ntchito inamugwera. Malipiro anali a mwezi ndi mwezi, phoso la ufa ndi nyemba mlungu uliwonse, ndi nyumba ya njerwa. Chofunika chinali chimodzi: kukhala pa esiteti pomwepo, belu likamalira m'mawa iye ali kale pamzere.

Belita sanakane ntchitoyo. Chimene anapempha n'chakuti iye atsale kumudzi azilima, makina akhale m'nyumba, njinga abwereke mlongo wake Dyson azipitira kunyanja, kuti tsiku lina zikadzavuta padzakhale pogwira. Eneya anaseka. Anati mkazi wa kapitao sayenda ndi matope m'miyendo, ndipo anthu akadzaona makina ali pakhonde adzati ntchito ya kwa mzungu siikhutitsa.

Makinawo anakawagulitsa kwa Che Ramadani, mnzake amene ankapalasa naye ulendo wa kunyanja. Che Ramadani anali Msilamu wa pa Chiringa, munthu wofatsa, amene ankalima, kugulitsa nsomba ndiponso kusoka pa makina obwereka. Asanalandire katunduyo anayesa kumubweza mnzakeyo.

"Achimwene, makina sadya, sakupemphani phoso. Asiyeni agone m'nyumba."

"Munthu wa ntchito zitatu ndi munthu wopanda ntchito," anayankha Eneya. "Ine ndapeza imodzi yeniyeni."

Njinga inapita kwa mphunzitsi wina. Munda, womwe unali wa kwawo kwa Belita, unasowa woulima, ndipo Dyson monga mwini mbumba anaupereka kwa mbale wina. Mayi ake a Belita, pa tsiku lotsanzikana, anangoima pafupi ndi nkhokwe atanyamula mdzukulu wawo, mpaka Eneya anachita kumutenga mwanayo m'manja mwawo.

Chaka choyamba chinamuvomereza Eneya. Anavala kabudula wa khaki ndi nsapato, Belita anagula nsalu zitatu, Peggy anadziwa kukoma kwa shuga. Pantchito anali waukali. Anthu ambiri a pa esiteti anali ndi timinda tawo, ena ankathamangira kunyanja Loweruka n'kubwerako Lolemba dzuwa litakwera. Eneya ankadana nazo. Wochedwa ankamubweza osamulembera tsiku, ndipo mwamuna wina dzina lake Wilson anamuchotsa ntchito pamaso pa gulu lonse, ati asankhe pakati pa fodya ndi ukonde.

Kumapeto kwa 1948 mvula inagwa bwino, anthu n'kubzala. Itapita Khirisimasi kumwamba kunayera mbee. Januwale yense dzuwa linaswa mtengo. Fodya amene anali atangowokedwa anayamba kugwetsa makutu, ndipo mzungu analamula kuti anthu azitunga madzi kumtsinje ndi zitini n'kumathirira phando ndi phando. Eneya anawayendetsa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mapewa awo n'kusupuka, koma mtsinjewo nawo unasanduka mchenga. Kenaka anayamba kuchotsa anthu. Loweruka lililonse mzungu ankamupatsa mayina, iye n'kuwaitana pamzere mmodzimmodzi. Ankawaona akunyamula mphasa zawo, mumtima n'kumati mphepo yothyola nthambi siifika pathunthu. Phoso linachepa, kenaka linalekeka. Mu Meyi mzunguyo anamuitana pakhonde, namuuza mwaulemu ndithu kuti esiteti ikutsekedwa ndipo nyumba ija aituluke pofika Loweruka.

Ngakhale pamenepo Eneya sanafune kubwerera kumudzi. Anasiya banja lake m'kanyumba ka udzu kwa munthu wina wachifundo, iye n'kuyenda wapansi kuzungulira phiri la Mulanje mpaka kuminda ya tiyi. Pachipata chilichonse anapeza amuna mazanamazana atakhala pansi, ena mwa iwo akapitao ngati iye. Makalata ake a usilikali palibe anawayang'ana. Ndalama zimene anali nazo zinasungunuka ngati mchere m'madzi, pakuti chimanga chikapezeka pamsika mtengo wake unali wa mbuzi. Nsapato zinapita, nsalu za Belita zinapita. Mu Novembala anatsika kupita kwa Chiringa ali ndi mphasa imodzi ndi mwana amene sankathanso kuyenda mtunda.

Kumudzi kunali zii, ngakhale nkhuku yolira kunalibe. Dyson anawalandira pansi pa mtengo wa mango, nayang'ana Peggy nthawi yaitali. Mapazi a mwanayo anali atatupa, tsitsi litafiira. M'nkhokwe ya Dyson munatsala makaka ochepa, chinangwa chouma chija, ndipo pakhomo pake panali kale pakamwa pasanu ndi pawiri.

"Alamu," anatero Dyson, "mlongo wangayu ndi mwanayu ndi magazi anga, tigawana chomwe chilipo. Koma inu pano munali ndi njinga, makina ndi munda. Mwabwera ndi chiyani?"

Dyson anapitiriza.

"Ndikupatsani masiku asanu. Mukapanda kubwera ndi chakudya, ndiitana ankhoswe, muzipita kwanu. Sindingadyetse mwamuna wa manja awiri pamene ana akufa."

Chimene chinamulasa Eneya si mawu a mlamu wakeyo koma kukhala chete kwa Belita. Mkaziyo sanamuikire kumbuyo, sanamunenezenso. Anangonyamula mwana n'kulowa naye m'nyumba ya mayi ake.

Masana omwewo Eneya anapita kwa Che Ramadani. Anapeza makina aja atavundikiridwa ndi chiguduli, poti m'chaka cha njala palibe amasoketsa malaya. Chimanga cha Che Ramadani nachonso chinali chitapsa ngati cha wina aliyense. Koma ana ake ankasewera pabwalo. Mwamunayo anafotokoza kuti kusoka kwagona, munda wapsa, koma nyanja ikadalipo, ndipo kutsidya kwa malire, kwa Apwitikizi, kuli midzi imene ili ndi makaka ndi nyemba koma ikusowa ndiwo. Iye ankatenga nsomba ku Chilwa n'kukasinthanitsa kumeneko. Sanamukumbutse mnzakeyo mawu ake akale. Anangoti njinga ndi imodzi ndipo singanyamule madengu awiri. Ngati Eneya angathe kusenza lachiwirilo pamutu, gawo lina la zomwe akapeze lidzakhala lake.

Ananyamuka m'mawa mwake. Nyanja inali itathawa, ndipo kuchokera pomwe kale panali dooko anayenda m'matope ouma ong'ambikang'ambika mpaka kukafika pamisasa ya asodzi. Ogula anali ambiri kuposa nsomba. Msodzi yekhayo amene anali ndi matemba okwanira madengu awiri anali atakhala pamphuno pa bwato lake akusoka ukonde, ndipo atadzutsa mutu Eneya anamuzindikira. Anali Wilson.

Wilson anamuyang'ana kuyambira kumapazi osavala mpaka kumutu, osafulumira.

"A kapitao," anatero, "belu lalira kalekale. Mwachedwa. Lero sitikulemberani tsiku."

Asodzi anzake anaseka. Wilson anauza Che Ramadani kuti dengu lawo adzaza, koma la munthu uyu ayi, ngakhale atabwera ndi ng'ombe. Che Ramadani anayesa kupepesa, Wilson n'kupukusa mutu. Dzuwa linali likupendeka, tsiku lachiwiri likutha. Pamenepo Eneya, amene sanagwadirepo munthu chichokereni kunkhondo, anagwada m'matopemo.

"Ndinakulakwirani, bambo. Munali ndi nzeru kuposa ine. Sindikupempha chifukwa cha ine ayi. Ndili ndi mwana wamkazi, mapazi atupa."

Kuseka kuja kunatha. Wilson anapitiriza kusoka ukonde wake kwa nthawi imene kwa Eneya inali ngati chaka. Kenaka, osamuyang'ana, analoza ndi chibwano pomwe panali matemba oyanika.

Ulendo wa kumalire unali wa masiku awiri. Dengu linkamudya pakhosi, mapazi amene anazolowera nsapato anang'ambika, ndipo m'njira ankakumana ndi amuna a maso olowa amene ankayang'ana katunduyo mosaphethira. Pamalo ena atatu anawatsatira mtunda wautali, Che Ramadani n'kunong'oneza kuti asatembenuke, asathamange, angoyenda ngati kutsogoloko kuli anzawo. Anthuwo anatsalira okha, mwina mphamvu zowalanda analibe. Kutsidyako nsomba zinatha tsiku lomwelo. Eneya anasenza thumba la makaka ndi kachitini ka nyemba, ndipo m'mawa wa tsiku lachisanu anauyamba wobwerera kumudzi, komwe sikunali kutali ndi malirewo, osaima ngakhale pomwa madzi.

Atatsala pang'ono kulowa m'mudzi, dzuwa lili paliwombo, anamva kulira kwa amayi. Anaima. Kulirako kunkachokera kumbali ya nyumba ya apongozi ake. Thumba sanalitule. Anathamanga nalo chomwecho mpaka pabwalo, pomwe anapeza masamba atayalidwa panjira ndi amuna atakhala mwakachetechete. Anayang'ana uku ndi uku kufuna kamtembo kakang'ono. M'malo mwake anaona Peggy ali pamiyendo pa mayi wina, wofooka koma maso ali otseguka.

Amene anamwalira anali mayi ake a Belita. Zinadziwika tsiku lomwelo kuti chifikireni mdzukulu wawo, gawo lawo la phala ankalipereka kwa mwanayo, iwo n'kumanena kuti adya kale. Thupi lawo linali lofooka ndi kale, ndipo silinapirire.

Belita anatuluka m'nyumba ya maliro, naona mwamuna wake ali chiimire ndi thumba pamutu, magazi ali m'mapazi. Anamuthandiza kutula.

"Mwabwera nacho, bambo a Peggy," anatero motsitsa mawu. "Koma munda uja mukanausiya m'manja mwanga, amayi akanadya chinangwa chawo."

Makaka aja ndi amene anadyetsa okumba manda, otsalawo n'kuphikira mwana phala. Dyson sanaitane ankhoswe. Maliro atatha Eneya anabwereranso kunyanja, ndipo anayenda njira imeneyo mlungu ndi mlungu mpaka chimanga chatsopano chinacha mu 1950. Peggy anachira. Mvula itagwa Eneya anapempha kachigawo ka munda kwa mlamu wake, nabzala chinangwa m'malire monse. Anthu atayambanso kusoketsa, ankakhala pa makina a Che Ramadani masiku amene mwini wake ali kunyanja. Kunyada kuja kunamuchoka ngati khungu limene njoka yafundula, koma manda a apongozi ake anali m'mbali mwa njira ya kumunda, ndipo ankawadutsa m'mawa uliwonse.

Mu 1952 esiteti ija inagulidwa ndi mzungu wina, amene atamva mbiri ya kapitao wakale anatuma uthenga womuitana, malipiro oposa akale, nyumba yomweyo ya njerwa. Anthu ankayembekeza kuti athamangira. Eneya anakambirana ndi Belita, kenaka anapita kukayankha yekha. Anati adzabwera miyezi itatu yosankha fodya basi, banja lake lidzatsala kumudzi, ndipo mvula yoyamba ikagwa iye adzakhala ali m'munda mwake. Mzunguyo anadabwa, nafunsa ngati ndalama zachepa. Eneya anati ndalama n'zokwana, koma iye anaikapo kale moyo wa banja lake lonse pa belu limodzi, ndipo tsiku limene belulo linaleka kulira anakaika munthu m'manda.

Ntchito ya mwezi ndi yabwino, ndipo palibe wanzeru amene angaitaye. Koma ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo akatseka chipata sakufunsa kuti kunyumba wasiya ana angati. Che Ramadani chinamupulumutsa si chuma, koma kuti pamene ntchito ziwiri zinagona, yachitatu inali maso. Eneya anaziphunzira mochedwa, pamtengo umene analipira munthu wina, kuti akuluakulu sananame pamene anati chala chimodzi sichiswa nsabwe.