Ulusi Umene Kangaude Adadula

Padangokhala, kalekale, mame asanaphunzire kuthawa dzuwa. Ndati padangokhala! Mwameza lilime kodi? Eya, muziyankha choncho, tili tonse. Khalani pansi, mvula iyi siikata msanga, ndipo makina anga osokerawo musawagwire.

Kudambo lina kudali Kangaude, mmisiri woluka. Nyumba yake idali pakati pa mabango awiri. M'bandakucha uliwonse ankaluka chithunzi pa ukonde wake, akatha n'kuimba:

Mame, mame, tsikani,
Khalani pa ulusi wanga,
Dzuwa likadali m'tulo.

Mame ankatsikadi, dontho lililonse pamalo pake. Chithunzi chija chinkayamba kuwala, chifunga chikuyandama pansi pake. Woona ankaiwala ndi njala yomwe.

Koma sikuti aliyense ankangofikapo ayi. Padali gulu lake. Wofuna kulowa m'gululo ankamanga mfundo pa udzu wa pakhomo, mfundo imodzi mwini wake mmodzi. Akatopa nazo ankamasula mfundo yake n'kumapita, popanda mlandu. Tsono lamulo la dambolo lidali lakuti mfundo zikadzatha zonse, mabango awiri aja adzawatenga atchete, mbalame zija zinkawasirira kuti zimangepo zisa.

Mfundo zidali mbwee. Chule adamanga yake, Nkhono yake, Nkhanu yake. Ngakhale Mfuko, mayi wa pansi pa nthaka uja amene maso ake saona kanthu, naye adamanga yake. Akatha kuonera ankakhala pakhomo paja n'kumacheza, kutsutsana, kuseka. Ndiye Kangaude adali ndi ulusi umodzi wautali, wochokera pa ukonde kukafika pa udzu wa pakhomo. Mawu onse ankayenda mu ulusiwo n'kudzamunjenjemeretsa kumwendo. Chule akadandaula za dziwe limene adabadwiramo, mawa lake dziwe lija lili pa ukonde. Mwini wake osadziwa n'komwe kumene nzeruzo zikuchokera. Ankangoti, "Mutu wangawu ndi chitsime."

Matama, ana inu, matama! Ine amandinyansa kwabasi.

Tsiku lina Kangaude adapsa mtima. "Phokoso lanji limeneli? Ndiluke bwanji mwendo ukungonjenjemera? Kuno mumabwera kudzaona, osati kudzalongolola!" Adauluma ulusi uja n'kuudula. Pakhomo padangoti zii.

M'mawa mwake adakhala pakati pa mabango, miyendo yonse isanu ndi itatu ili chilili. M'mutu mudalibe kanthu. Chitsime chija chaphwa. Adayang'ana kumwamba, adaona mwezi wotsalira, adaluka mwezi. Mawa lake mwezi. Mkuja mwezi.

Potuluka, Chule adanong'oneza mnzake. "A Nkhono, mwezi umenewu si wa dzana uja?"

"Womwewo, achimwene. Wangonenepako."

Adamasula mfundo zawo.

Kangaude adathamangira kwa Namzeze, mbalame yoyenda maiko. "Achemwali, ndipulumutseni. Ndiuzeni za kutali, zimene a m'dambo muno sanazionepo."

Namzeze adamuuza za mapiri oyera ngati ufa, za madzi opanda tsidya, za nyumba zosanjikizana mpaka m'mitambo. Kangaude adaluka zonsezo, ndipo zidali zokongola, sindinama. Nkhanu adaziyang'ana cham'mbali monga mwa khalidwe lake. Pakhomo paja adadzilankhulira yekha kuti, "Zabwino ndithu. Koma ife tilimo pati?" Naye adamasula mfundo yake. Kangaude sadamve. Akadamvera chiyani, ulusi adadula yekha?

Atchete adayamba kutera pa mabango, udzu uli kukamwa, akupondaponda kuyesa kulimba kwake. "Tikungoona, mayi. Musatekeseke."

Mfundo zidatha, zidatha, idatsala imodzi.

M'mawa umenewo chifunga chidali chokhuthala, dambo lonse lili ngati likulota. Kangaude adalibe choluka. Poyang'ana pakhomo adaona Mfuko akufufuza mfundo yake ndi mphuno. Adatsika, kufika pakhomo paja kwa nthawi yoyamba.

"Pepani a Mfuko, taimani kaye. Mukamasula imeneyo, ine nyumba ndilibe."

"Ndikudziwa, mnzanga," adatero Mfuko. "N'chifukwa chake ndachedwa chonchi. Ndimakumvera chisoni. Koma chisoni sichingamandidzutse m'mawa uliwonse."

"Nanga inu simuona, munkadzera chiyani kuno?"

"Ndinkaonera pakamwa pa anzanga. Chule akati dziwe langa ilo, Nkhono n'kumutsutsa, ine dziwelo ndinkaliona bwinobwino. Chiletsereni iwe kulankhula, ndimabwera, ndimakhala, ndimabwerera. Mdima wokhawokha. Mdima ndili nawo wokwanira kwathu."

Kangaude adazyolika ndi manyazi. Paja amati safunsa adadya phula. Uyu akadadya ndi njuchi zomwe.

"Ndiuzeni za kwanuko," adatero chapansipansi.

"Kwathu? Palibe adandifunsapo." Kenako Mfuko adayamba. "Kwathu mitengo imamera chozondoka. Mizu imalendewera ngati ndevu za chimanga. Mvula ikagwa kumtunda kuno, dontho limatsika ndi muzu wa mkuyu pang'onopang'ono, tsiku lathunthu lili pa ulendo, n'kudzandigwera pamphuno lili lofunda. Nyerere zimadutsa pamwamba pa chipinda changa, ndimamva mapazi awo. M'chilimwe Chule amagona chipinda choyandikana ndi changa. Amaliza mkonono ameneyo, musamuone choncho."

Kangaude adatulutsa ulusi watsopano, adaumanga kudzanja la Mfuko, adakwera nawo pa mabango. Adaluka, adaluka, atchete akumuyang'ana. Atatha adaimba:

Mame, mame, tsikani,
Khalani pa ulusi wanga,
Dzuwa likadali m'tulo.

Mame adatsika. Dontho lililonse likatera, ulusi unkagwedezeka mpaka kudzanja la Mfuko. Mayi uja adangoti duu, mphuno ili m'mwamba.

"Muzu wa mkuyu uwo," adanong'ona. "Dontho langa ilo likutsika. Mayo ine! Kwathu kumeneku." Maso osaona aja adatulutsa misozi.

Chule ankadutsa popita kudziwe. Adasuzumira, adaima. "Ha! Wagona chagada apoyo si ine?"

"Ndinu amene," adatero Mfuko. "Ndipo mumaliza mkonono."

"Bodza limenelo! Ine mkonono?"

"Nthaka imachita kugwedezeka, bambo."

Phokosolo lidaitana Nkhanu, lidaitana ena. Nkhono adafika dzuwa litatuluka, chithunzi chitauma, koma adangomanga mfundo yake kuti asaphonye cha mawa. Uyu akuti mulukenso una wanga, uyo akuti mwaiwala ana anga. Atchete adalavula udzu wawo n'kuuluka.

Mwendo wa Kangaude unkanjenjemera kuposa kale. Sadadandaule. Adaugwiritsitsa ulusi uja, ndipo mpaka lero mukam'peza kangaude pakona, mudzaona mwendo umodzi uli pa ulusi, akumvetsera.

Mvula ija yakata, dzukani muzipita, ine ndili ndi malaya a eni ake oti ndisoke. Koma ichi munyamule: wofuna kuti anthu azibwera pakhomo pake aziyamba wawamvera, chifukwa nkhani imene amaikonda ndi imene iwo alimo.