Chikho cha a Fryson

A Flossie ankasamalira okalamba ku Alexandria m'dziko la Amereka, ndipo mwa onse, wovuta anali Mayi Doyle, nkhalamba ya ku Ireland ya zaka 84. Munthu akangotsokomola, iwo ankamuloza khomo ndi ndodo.

Tsiku lina a Flossie adawauza kuti amuna awo, a Fryson, akupikisana nawo pa mpando wa bungwe la Amalawi, ndipo aitana anthu kunyumba Loweruka ngakhale chimfine chawagwira.

“Auze aleke,” adatero Mayi Doyle. “Mu 1918 kwathu kunalinso chisankho. Bambo anga adapita kumsonkhano wa chipani, anthu atathinana m'kanyumba, nabwerako ndi chimfine. Pamaliro pawo amuna ankapatsirana kaliwo mmodzi. Sabata zitatu, mayi ndi alongo anga awiri adatsatira. Mabokosi adatha m'mudzi. Chipani chawo chidapambana, iwo ali pansi.”

A Flossie adakatula uthengawo kunyumba kwawo ku Greenbelt. A Fryson, amene ankadzitcha dokotala chifukwa chogwira ntchito yotsuka mabotolo mu labu ku College Park, adaseka mpaka chifuwa chidawatsamwitsa.

“Amayi a Daisy, chimfine n'matenda? Azungu ngofooka. Ife mandimu basi. Ndisiye mpando chifukwa cha nthano za nkhalamba yoiwala ndi dzina lake lomwe?”

Loweruka anthu adadzaza nyumba, mazenera ali tseke chifukwa cha chisanu cha Disembala. A Fryson adafuna kuonetsa kuti Amereka sadawaiwalitse mwambo. Aliyense adampatsa moni wa manja awiri. Kenako adatulutsa chikho chimene adabwera nacho kuchokera ku Dedza, nathiramo thobwa. Monga mwininyumba, adayamba ndi iwo kumwa, kuchotsa ufiti, mphuno ikuchucha, n'kupatsira a Mumba, mkulu wa mpingo. Akana ndani chikho cha mwininyumba? Chidazungulira pakamwa pa anthu makumi atatu.

Pofika Lachitatu, telefoni idali kulira nyumba ndi nyumba. Anamwino asanu ndi atatu mwa alendowo adagona, mashifiti adasowa anthu, kwaya ya Khirisimasi idatsala ndi anthu awiri. A Mumba, amene adali kale ndi matenda a shuga, adagonekedwa m'chipatala masiku khumi, chibayo chitawalowa. A Fryson okha ndiwo adachira msanga, poti matenda nawo amadziwa kusiya chitsiru kuti chione ntchito ya manja ake.

Chisankho chidachitika mu Januwale m'holo ya tchalitchi. A Fryson adafika atavala suti, dzanja lili patsogolo, koma aliyense adangopisa lake m'thumba. Atawerenga mavoti, a Gresham, opikisana nawo, adapeza 31, a Fryson imodzi.

M'galimoto a Fryson adatembenukira kwa akazi awo. “Imodzi? Nanga yanu?”

“Yanga ndavotera Mayi Doyle,” adatero a Flossie, akumanga lamba.

Mawu a Mayi Doyle aja adagona zaka 75, nawoloka nyanja, koma adafika osasasa. Paja mawu a akuluakulu akoma akagonera.